Imvi m'Komboni: Mbiri ya Malo a Nkhalamba mu Lusaka

Kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, moyandikana ndi Mtendere, kuseri kwa mipanda itali-itali ya mayadi a ku Kabulonga ndi Ibex Hill, kuli komboni yochedwa Kalikiliki. Pa Cinyanja munthu amene ali kalikiliki ndiye wotanganidwa, wosowa ndi mpata womwe wokhala pansi. Dzinali liyenerana nao malowo nthawi ya mbandakuca, pamene alonda ali kubwerako ku nchito ya usiku, amai a nchito za m'nyumba ndi anyamata osamala maluwa ali kulowera ku mayadi, ndipo ogulitsa makala ndi ndiwo ali kuthamangira ku msika. Koma dzuwa likakwera, m'komboni mutsala anthu ena amene kalikiliki wao anatha kale. Ena ali pa timipando pa khomo, ena pa njerwa mu mthunzi wa cipupa, ena m'nyumba momwe, osaturuka tsiku lonse. Amenewa ndiwo nkhalamba za m'tauni.

Ali yense wofuna kukonzera anthu otere nyumba yosonkhanamo, kumene angacezerane, kudyera pamodzi ndi kuonana ndi namwino, ayenera kudziwa cinthu cimodzi asanayese maziko. Cinthuco ndi ici: Lusaka anamangidwa ndi maganizo akuti munthu wakuda sadzamera imvi m'menemo. Mabvuto ambiri amene womanga adzakumana nao lero acokera pa maganizo amenewo.

Njanji inafika pa malo a mfumu Lusaaka m'caka ca 1905, ndipo kwa zaka zambiri panali kasiteshoni cabe ndi masitolo owerengeka a alimi a Cizungu. Mu 1931 Boma linaitana katswiri wa ku England, Professor Stanley Adshead, kuti alembe mapu a likulu latsopano, ndipo mu 1935 Bwanamkubwa ndi maofesi ace anasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka. Mzinda wa pa mapuwo unali wa miseu yotakata, mitengo ndi mayadi akulu. Eni dziko anawerengedwamo monga manja ogwira nchito: ophika, amtengatenga, amesenjala, oumba njerwa. Mwamuna anayenera kuyenda ndi citupa coonetsa dzina lace, mudzi wace ndi mfumu yace. Nyumba imene anagonamo inali ya bwana wace, kapena ya Khonsolo yolipiridwa m'dzina la nchito yace. Tsono nchito ikatha, ndi denga lomwe linatha. Munthu akafooka ndi ukalamba, njira yace inali imodzi: kumanga katundu ndi kubwerera ku Fort Jameson, ku Petauke, ku Lundazi kapena ku Nyasaland, kumene anacokera ali mnyamata.

Makonzedwe amenewa anakomera olemba nchito pa cifukwa cosabisika. Mudzi unalera mwana kufikira atakula, tauni inadya mphamvu zace, ndipo mudzi womwewo unamlandiranso atatha. Motero bwana sanataye ndarama pa ubwana wa munthu kapena pa ukalamba wace. Akulu a Boma ananena kuti atero posunga miyambo ya mitundu, ndipo ena mwa iwo anakhulupiriradi zimenezo. Koma mwambo umene unasungidwa koposa unali wa malipiro ocepa.

Nzoona kuti kumudzi nkhalamba inali ndi malo ace odziwika. Kwa anthu a Kum'mawa amuna anasonkhana pa mphala, kudyera pamodzi, kusema mipini ndi kuluka mphasa, ndipo milandu inakambidwa pa bwalo pamaso pa onse. Amai akulu anali anamkungwi ndi azamba. Anthu anati akulu-akulu ndi m'dambo mozimira moto, popeza mkangano wolaka acinyamata unathera pa iwo. Komabe si bwino kukometsa mudzi mopitirira. Pa njala ya 1949 ku Nyasaland, okalamba ambiri anasiyidwa okha pamene abale anabalalika kufuna cakudya. Ndipo munthu amene anakhalitsa m'tauni osatumiza kanthu kwao, pobwerera anapeza munda uli ndi mwini wina ndi nkhope za abale zili gwaa.

Panali Azungu ena amene anaona msanga kuti nkhani ya kubwerera kumudzi siinali yoona monga inanenedwera. Godfrey Wilson, mkulu woyamba wa Rhodes-Livingstone Institute, anafufuza moyo wa anchito a ku Broken Hill, kumene tsopano ndi Kabwe, cakumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Iye anapeza kuti ambiri a iwo anali atatha zaka zocuruka za ukulu wao m'matauni, osati kumudzi. Boma linamva mau otere mocedwa ndi mwa theka. Mu 1948 linaika lamulo lakuti olemba nchito ndi Makhonsolo azimangira nyumba anchito pamodzi ndi akazi ao. Chilenje anakula, ndipo Matero anamangidwa m'zaka zoyamba za m'ma 1950. Mkazi ndi ana analoledwa tsopano, gogo sanachulidwe.

M'makomboni a Khonsolo amenewa ndimo munaoneka nyumba zoyamba zosonkhanamo anthu, zimene onse anazicha Olofeya. Omvera acikulire azikumbukira bwino. Kumeneko kunali kanema, dansi, nkhonya, makalasi osoka a amai, ndi kacipinda ka mabuku ndi manyuzi. Wailesi ya ku Lusaka itayamba kulankhula mu 1941, anthu ambiri anaimvera m'maholo otere, kufikira wailesi yochipa yonga poto itafika mu 1949 ndi kulowa m'nyumba zao. M'maholo momwemo munacitika misonkhano ya mabungwe a eni dziko, amene anagwirizana mu 1946 ndi kusanduka Congress mu 1948. Ndarama zoyendetsera zonsezi zinacokera makamaka ku phindu la mowa. Khonsolo inadzisungira yokha ufulu wogulitsa mowa wa masese m'nyumba zace zomweramo, ndi kulanga amai ophika mowa kunyumba, potsata njira imene mzinda wa Durban unayamba mu 1909. Kunena mosabisa, wanchito anadzilipirira yekha cisangalalo cace ndi cipanda cimene anamwa.

Olofeya inali ya anyamata. Colinga cace cinali kutanganitsa wanchito madzulo ndi pa Sabata, kuti asachove njuga kapena kumenyana, ndi kuti Lolemba afike pa nchito ali bwino. Palibe anaganiza za benchi la munthu wa miyendo yotupa, cifukwa pa mapu munthu wotere anali atakwera kale lore ya kumudzi.

Koma si onse anakwera loreyo. Kunja kwa malire a Khonsolo kunali minda ya Azungu ndi misasa ya omanga ndi okumba miyala, kumene munthu anatha kumanga kanyumba ka dothi ndi kulipira mwini malo kandarama pa mwezi. Maina a malo ena asunga mbiri imeneyi kufikira lero: John Laing, John Howard, George. Kalingalinga ndi Kanyama anakulanso motero. Kumeneko kunapita wocotsedwa nchito, mkazi wamasiye, mmisiri wodzigwirira yekha, ndi mdala amene sanafune kubwerera kwao. Ndiko kuti nkhalamba zoyamba za Lusaka zinakalambira pa malo amene Boma linati kulibe, malo opanda mpope, opanda mseu, ndiponso opanda Olofeya.

Ufulu utafika pa 24 October 1964, citupa cinatha mphamvu ndipo anthu anakhamukira ku likulu. Mu 1963 Lusaka anali ndi anthu ngati 123,000. Mu 1969 anapitirira 260,000. Mu 1980 anapitirira 500,000. Khonsolo inalephera kumanga nyumba zokwanira, ndipo inayesa njira yopimira anthu mapuloti kuti adzimangire okha. Mtendere anayamba motero mu 1967. Kalikiliki anadzakula m'mphepete mwace, popanda mapu, nyumba kutsata nyumba, kufikira ku malo otsika a ku damu lakale kumene madzi asonkhana nthawi ya dzinja. M'makomboni ambiri a mtundu uwu, ogawa malo anali akulu a cipani a m'nthambi ndi m'zigawo. Wopempha anali kufuna pogona, wogawa anali kufuna anthu omtsata. Panalibe wa phindu pa kusiya bwalo lopanda kanthu pakati pa nyumba. Ici ndico cifukwa cace malo ndiwo bvuto loyamba la ali yense wofuna kumanga cinthu ca onse m'Kalikiliki. Kumudzi bwalo liyamba, nyumba zilizungulira. M'komboni nyumba zinayamba, ndipo zotsala ndi tinjira.

Mu 1974 Boma la Kaunda linasintha mtima pa makomboni osaloledwa. M'malo mwa kuwagumula, Nyumba ya Malamulo inaika lamulo lakuti malo otere angathe kubvomerezedwa ndi kukonzedwa, ndipo mwini nyumba anapatsidwa cikalata comlola kukhalapo zaka 30. Ndi ngongole ya World Bank, nchito yaikulu inacitika ku George, Chawama ndi Chaisa ndi kwina, kuyambira caka comweco kufikira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980. Mbali ina ya nchitoyo iyenera kukumbukiridwa. Akatswiri sanalembe miseu ali m'ofesi okha. Anayenda pansi pamodzi ndi akulu a m'komboni, kuona pamene mseu ungapite ndi nyumba zimene ziyenera kucoka, ndipo eni nyumbazo anapatsidwa mapuloti ena pafupi. Kunabwera mipope, masukulu, zipatala zazing'ono, misika, ndi maholo a onse, amene nchito yao yaikulu inali sukulu za ana ang'ono. Kalingalinga anakonzedwa mofananamo m'zaka za m'ma 1980 ndi cithandizo ca ku Germany.

Palibe angadzudzule anthu a nthawi imeneyo poika ana patsogolo, pakuti mzinda unali wa acinyamata obereka. Komabe cikalata ca zaka 30 cija cipatsa maganizo. Mwamuna amene anacilandira ali ndi zaka 35 anafika ku mapeto ace ali ndi zaka 65, mano atagweruka, ali m'nyumba yomweyo. Lamulo linali litabvomera tsopano kuti munthu angakalambire m'tauni, koma panalibe amene anafunsa kuti masiku ace adzawathera kuti.

Zaka zotsatira zinali zowawa. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndipo Kwacha inayamba kupepuka. Thumba la Provident Fund, limene linayamba mu 1966, linapatsa wopuma nchito ndarama zace zonse nthawi imodzi. Pofika zaka za m'ma 1980 ndi 1990 ndaramazo zinasungunuka m'manja ngati mcere m'madzi. M'nthawi ya Chiluba makampani a Boma anagulitsidwa ndipo anthu ambiri anacotsedwa nchito asanakalambe. Mu 1996 nyumba za Khonsolo zinagulitsidwa mochipa kwa okhalamo, cimene cinapatsa okalamba a ku Matero, Chilenje ndi Kabwata cuma cogwirika. Koma wa ku Kalikiliki analibe nyumba ya Khonsolo yoti agule. NAPSA inayamba nchito mu 2000 ndi penshoni ya mwezi ndi mwezi, koma ifika kwa iwo okha amene analembedwa ndi kudulidwa ndarama. Mlonda, wophika, wogulitsa tomato ndi woswa miyala m'mbali mwa mseu, ambiri a iwo anakalamba osalowa m'buku lina liri lonse.

Nanga bwanji sanabwerere kumudzi monga anacitira atate ao? Zifukwa zace ndi zomveka. Nyumba ya m'komboni, ngakhale ya zipinda zitatu, ndiyo munda wa munthu wa m'tauni: agona m'cimodzi, ziwiri abwereketsa, ndipo lendi ndiyo nsima yace. Ana ndi adzukulu anabadwira mu Lusaka, ndipo kumudzi ndi alendo. Cipatala ciri pafupi. Ndipo pamwamba pa zonsezi panagwa mliri wa Edzi. Mu 1987 Pulezidenti Kaunda anaulula poyera kuti mwana wace anamwalira ndi matendawa, pa nthawi imene ambiri anali kubisa. M'zaka za m'ma 1990 manda a ku Leopards Hill ndi Chingwere anadzala ndi anthu a msinkhu wobereka, amene anayenera kusunga makolo ao. Dongosolo la cibadwire linatembenuka. Gogo amene anayembekeza kupuma anayambanso kubereka mwana kumsana, kufuna ndarama za sukulu ndi kudzuka usiku kudwazika. Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa mwaulere mu 2005 imfa zinacepa, koma mbadwo wa agogo aja unali utatha kale mphamvu ndi cuma.

Nyumba zosungiramo okalamba zilipo m'dziko, koma nzowerengeka. Boma liri ndi Maramba ku Livingstone ndi Chibolya ku Mufulira, a Salvation Army ali ndi Mitanda ku Ndola, ndipo mu Lusaka muli Matero After Care Centre ndi Divine Providence Home ku Chawama. Zimenezi ndi za munthu amene alibiretu pogwira. Pa mwambo wa anthu, kutumiza kholo ku malo otere ndi manyazi a banja lonse, ndipo nkhalamba zomwe ziopa dzina lakuti wotayidwa. Nyumba yosonkhanamo usana ndi cinthu cina. Munthu agona kwace, asunga lendi yace ndi ulemu wace, koma ali ndi kopita kukaca. Kusiyana kumeneku kuyenera kumveka bwino kwa eni komboni, apo ai nyumbayo idzapatsidwa dzina loipa isanafoleredwe.

Boma lathandiza koposa ndi ndarama osati ndi nyumba. Thandizo la ndarama kwa mabanja osaukitsitsa linayesedwa ku Kalomo mu 2003, ndipo mu 2007 ku Katete anayesa kupatsa kandarama ali yense wa zaka 60 kapena kupitirira. Pambuyo pace thandizoli linafalikira ku maboma onse, ndipo banja lokhala ndi munthu wa zaka 65 liri pakati pa amene angalembedwe. Mu 2015 Zambia inakhazikitsa mfundo zace za kasamalidwe ka okalamba, potsata cimene maiko anapangana ku Madrid mu 2002. Ndarama igula ufa ndi makala. Koma siiceza ndi munthu, ndipo siimchinjiriza pamene anansi ayamba kunong'onezana. Nkhalamba yokhala yokha, yoiwala-iwala, imene ipezeka usiku itasokera pa khomo la eni, m'komboni siicedwa kuchedwa mfiti. Lamulo la dziko, kuyambira 1914, liletsa kucha munthu mfiti, koma khamu lokwiya silifunsa lamulo. Madotolo adziwa kuti kusokonezeka kotere ndi matenda a ubongo odza ndi ukalamba. Gogo wodziwika ndi anzace makumi awiri, amene aonana naye masiku onse, ali ndi mboni zomuimira. Wobisika m'cipinda alibe.

Si kuti okalamba a m'makomboni anangokhala manja lende kudikira Khonsolo. Anadzipezera mabwalo ao m'mipata imene mzinda unasiya. Amai a Cigwirizano mu mpingo wa Reformed, ndi timagulu ta Akatolika tosonkhana m'nyumba za akristu, ayendera odwala ndi kusonkha ufa. Pali cilimba, pamene anthu aponya ndarama mosinthana. Pali alangizi, olowa m'malo mwa anamkungwi akale, amene alangiza mkwatibwi. Pali amadala a nsolo pansi pa mtengo kapena kuseri kwa kantemba. Ndipo pali nyumba ya maliro, imene yasanduka mphala yeni-yeni ya m'tauni: kumeneko mau a munthu wamkulu akali kufunidwa, ndipo ena afikako ngakhale womwalira sanamdziwe bwino, cifukwa pali moto, nkhani ndi anzao. Nzomvetsa cisoni kuti malo amene nkhalamba ipezako ulemu woposa ndi pa imfa ya mnzace. Magulu onsewa ali ndi atsogoleri ao, masiku ao ndi kathumba kao. Cimene asowa ndi denga losadontha, mipando ya cotsamira, ndi cimbudzi cimene munthu wa ndodo angalowemo osagwa.

Njira ya ndarama zomangira iripo tsopano kuposa kale. Mu 2022 thumba la citukuko la dera la phungu ali yense linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo zofuna za anthu zipita kudzera m'makomiti a citukuko a m'mawadi. Koma pa msonkhano wotere nyumba ya okalamba ipikisana ndi ngalande, kalasi ya sukulu ndi cipinda ca amai oyembekezera, ndipo mau a nkhalamba ndi ocepa. Pa anthu 100 ali onse m'Zambia, a zaka 65 kapena kupitirira safika asanu, ndipo amene ali ofooka koposa ndiwo alephera kufika pa msonkhanopo.

Kumanga ndiko kosabvuta. Kusunga ndiko kwagwetsa maholo ambiri. Olofeya inali ndi mowa woilipirira. Holo ya lero, ikasowa ndarama za magetsi, madzi ndi mlonda, ibwereketsedwa kwa a ukwati Loweruka, kwa a mpingo pa Sabata, kwa a sukulu pakati pa mlungu, ndipo pang'ono-pang'ono amene sangathe kulipira apezeka ali panja. Cifukwa cace masiku ndi maora a okalamba ayenera kulembedwa m'pangano kuyambira paciyambi, ndi kiyi kukhala m'manja mwa komiti imene iwo eni alimo. Kukula kwa nyumba sikuli kanthu kweni-kweni. M'komboni yothinana ngati Kalikiliki, cipinda cimodzi pa bwalo la chalichi kapena pambali pa kiliniki ciposa holo yokongola imene iri kutali, pakuti ulendo wa mphindi khumi kwa mnyamata ndi wa ora lathunthu kwa munthu wa nyamakazi, ndipo kuyambira December kufikira March tinjira ta kumunsi tisanduka matope ndi zithaphwi.

Lamulo la 1974 lija linalowedwa m'malo ndi lina mu 2015, lokhudza kakonzedwe ka mizinda ndi zigawo, ndipo latsopanoli lifuna kuti eni malo afunsidwe polemba mapu a dera lao. Lusaka anaicitapo kale nchito yotere. Amene anayenda pansi ndi akatswiri m'tinjira ta George ndi Chawama, ali ndi zaka makumi atatu, kuloza pamene mseu upite, tsopano afika zaka 80 kapena kuyandikira, ndipo ena a iwo akali m'nyumba zomwe zija. Ulendo wotere ukacitika m'Kalikiliki ndi anthu a msinkhu umenewo, udzakhala wapang'ono-pang'ono, wopumira pa ngalande iri yonse yopanda ulalo, ndipo wolemba mapu adzayenera kunyamula mpando.